Nyenyezi yanga inachoka yokha, inabwerera ndi mikombero isanu

Phukusi loyamba linafika ndi fungo la nyumba ya munthu wina. Silinali fungo loipa ayi, kanali ka sopo wochapira yemwe sindimudziwa, kosakanikirana ndi kena kake konga utsi wa kandulo. Nditatambasula nsaluyo pa tebulo ndinapezapo timaubweya ta galu titatu, toyera, titamatirira pa chidutswa chakuda. Ndinatichotsa ndi chikhadabo, kenako ndinangokhala pampando n'kumayang'ana. Munthu amene sindinakumanepo naye anakhala masabata akusoka kanthu aka, n'kukakulunga, n'kukatumiza kwa ine kuti ndisokererepo zanga. Sizasi yanga inali pomwepo, koma tsiku limenelo sindinaikhudze.

Kwa amene simunaimvepo nkhaniyi, ndiyambe ndi chinthucho. Quilt ndi chofunda cha zigamba, koma osati zigamba zotseka pong'ambika. Umatenga nsalu zabwinobwino, kuzidula dala m'tizidutswa, n'kuzilumikizanso kuti zitulutse maonekedwe amene uli nawo m'mutu. Chikatha chimakhala ndi magawo atatu: pamwamba pa zigambapo, thonje lofewa pakati, ndi nsalu imodzi yakumbuyo, zonse zitagwidwa pamodzi ndi misoko yodutsa ponseponse. Amuna anga mpaka lero samvetsa chomwe munthu angagulire nsalu yathunthu, kuiduladula, n'kutha miyezi akuilumikizanso. Ndinasiya kuwafotokozera.

Round robin ndiye masewera ake. Aliyense m'gulu amasoka chigawo chapakati cha quilt yake, n'kutumiza kwa mnzake wotsatira. Mnzakeyo amasokerera mkombero umodzi kuzungulira mbali zonse zinayi, n'kupereka kwa wina. Zimazungulira choncho mpaka aliyense wasokapo pa ya aliyense, ndipo pomaliza iliyonse imabwerera kwa mwini wake itakula. Dzinali ndi lakale ndipo silinayambire pa zosoka. M'zaka za m'ma 1700 amalinyero a ku Britain akafuna kudandaula kwa akuluakulu awo pa sitima, ankasaina mayina awo mozungulira ngati mkombero, kuti pasadziwike amene anayamba kulemba, chifukwa woyambitsayo ndi amene akanalandira chilango. Kwa ife zinali zosemphana. Woyambitsa anali pakati penipeni, poonekera, ndipo zolakwa zake zinali zoyamba kuonedwa ndi aliyense.

Tinali anthu 6, m'mayiko 4, ndipo tinapezana pa gulu lina la osoka pa intaneti. Amene ankayendetsa zonse anali mayi wina wachikulire, wa mawu ochepa, amene mauthenga awo sankapitirira mizere itatu. Malamulo anawalemba pa tsamba limodzi. Chapakati chikhale sikweya ya mainchesi 12½. Mkombero usapitirire mainchesi 6. Aliyense ali ndi masabata 4, kenako atumize. Nsalu zikhale za thonje, zochapidwa kale, kuopa kuti yofiira ingadzasuluke n'kuwononga ntchito ya anthu onse. Palibe kumasula msoko wa mnzako popanda chilolezo chake. Quilt iliyonse iziyenda ndi kabuku koti aliyense alembemo zimene wachita. Lamulo lomaliza ndi limene linandivuta kumeza: mwini wake asaone chithunzi chilichonse cha quilt yake mpaka itabwerera.

Kuti lamulo limeneli litheke, mayiwo anatsegula timagulu 6 tokambirana, kalikonse kosowa munthu mmodzi. Ndiye kuti kwinakwake pa intaneti panali chipinda chomwe anthu 5 ankatumizirana zithunzi za quilt yanga, kuikambirana, mwinanso kuiseka, ine ndili kunja. Taganizani zimenezo kwa miyezi yoposa 8.

Chapakati changa chinali nyenyezi ya nsonga 8, ya buluu wakuda pa nsalu yoyera. Ndinaisoka kawiri. Ndine munthu wokonda kuti nsonga zikumane pamene ziyenera kukumana, ndipo ndikaona nsonga yodukira mu msoko tulo sindilipeza. M'kabuku ndinalembamo masamba atatu a malangizo. Mitundu ikhale buluu, woyera ndi wotuwa basi. Pasakhale maluwa akuluakulu. Mkombero woyamba ukhale wopyapyala, wachiwiri wa zidutswa za makona atatu, wachitatu mwakutimwakuti. Ndinajambulamo ngakhale chithunzi cha momwe ndinkaionera itatha. Ndisanatumize ndinajambula masambawo n'kuwaonetsa mayi oyendetsa gulu aja, popeza pa mndandanda iwo ndi amene ankalandira kuchokera kwa ine. Anayankha tsiku lomwelo:

"Mayi, ngati mukudziwa kale momwe idzaonekere, isokeni nokha. Mudzamaliza msanga ndipo simulipira positi."

Zinandiwawa, sindikubisa. Masiku awiri sindinalembe kanthu m'gulu. Tsiku lachitatu ndinang'amba masamba atatuwo n'kusiya mizere iwiri: kuti ndimakonda buluu, ndi kuti quilt imeneyi ndidzaifunda, si yopachika pa khoma. Ndinaika nyenyezi yanga m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi nsalu zotsala, n'kupita nayo ku positi. Ndikubwerera ndinkamva ngati ndasiya mwana pa sukulu yogonera komweko.

Pali chinthu chimodzi chokhudza masewerawa chimene palibe anandiuza, ndipo ndinachizindikira ndekha pa ulendo wachiwiri. Popeza mndandanda susintha, umalandira kwa munthu yemweyo nthawi zonse, n'kumatumiza kwa munthu yemweyo nthawi zonse. Amene ali kumbuyo kwako umamudziwa manja ake kuposa momwe ungadziwire nkhope yake. Wanga anali mtsikana wina amene anayamba kusoka chaka chimodzi chokha tisanayambe, mwini wake wa galu woyera uja. Ndinadziwa kuti amasita misoko yake mothamanga, ina kumanja ina kumanzere. Ndinadziwa kuti ulusi ukamuthera amangopitiriza ndi mtundu uliwonse uli pafupi, chifukwa kumbuyo kwa ntchito yake kunkapezeka ulusi wobiriwira, wapinki, wakuda, pa msoko umodzi. Ndinadziwanso kuti tepi yoyezera si mnzake.

Pa zosoka zamtunduwu msoko umadya kota ya inchi, osaposera, osachepera. Zikumveka ngati kukokomeza, koma tawerengani. Msoko ukapyola ndi 1/16 ya inchi, kachigawo kosaoneka n'komwe ndi maso, zidutswa zonse ziwiri zataya, ndiye pamodzi yapita 1/8. Mzere wa misoko 8 wataya inchi yathunthu. Kuyambira pomwe kampani ya ku Japan ya Olfa inatulutsa mpeni wozungulira wodulira nsalu mu 1979, kudula molondola kunaphweka kwambiri, munthu umangoika rula n'kuyendetsa mpeniwo. Koma mpeni suyendetsa makina. Kota ya inchi ija imakhalabe m'manja mwa wosoka.

Quilt ya ulendo wachiwiri inali ya mayi wina amene chapakati chake chinali kanyumba kosokedwa bwino kwambiri. Mtsikana uja anali atasokererapo mkombero woyamba, ndipo nditaiyala pansi sinagone. M'mphepete munali mafunde. Chimene anachita ndinachidziwa, poti nanenso ndinayambira pomwepo: anatenga mzere wautali wa nsalu, kuugoneka m'mphepete, kusoka mpaka kumapeto n'kudula chotsala. M'mphepete mwa nsalu mumatamuka, makamaka ngati muli zidutswa zodulidwa mopingasa, ndipo makina amakankhira nsalu yochuluka pang'onopang'ono iwe osaona. Njira yake ndi kuyeza podutsa pakati, kudula mkombero molingana ndi muyeso umenewo, kugwira ndi mapini pakati ndi kumapeto, nsalu n'kukakamizika kugwirizana. Nditasita ndi nthunzi mafundewo anagona ndithu, koma muyeso unakana. Mbali ina inali mainchesi 23¼, ina 23¾. Theka la inchi.

Ine ndinali nditakonzeka kale kuikapo Flying Geese, timakona atatu totsatizana tooneka ngati atsekwe ali pa mzere m'mwamba. Kalikonse katatha kamayenera kukhala mainchesi 2 kwa 4, ndiye kuti mbali iliyonse ya quilt iyenera kugawika ndi 2 popanda chotsala. Pa 23¼ ndi 23¾ palibe chimene chikanatheka. Usiku umenewo ndinalembera mayi oyendetsa gulu uthenga wautali, wa iwo okha. Ndinanena kuti si chilungamo kuti ena tizikonza zolakwa za anzathu, kuti m'gulu lotere muzilowa anthu odziwa kusoka, kuti andilole ndimasule mkombero wonsewo ndisokenso. Ndinatumizanso zithunzi zitatu za tepi ili pa nsalu, ngati umboni wa ku khoti.

Yankho linabwera m'mawa, mizere iwiri. "Musamasule. Ikani kamzere kodzaza, kosiyana m'lifupi, diso silidzaona."

Kamzere kodzaza ndi kansalu kopyapyala, kopanda zokongoletsa, komwe umaika pakati pa mikombero iwiri kuti masamu agwirizane. Ndinkakadziwa, koma ndinkakaona ngati chinyengo cha anthu aulesi. Ndinakhala pansi ndi pensulo. Pochotsa za misoko, quilt inali 22¾ kwa 23¼. Ndikaifikitsa pa 26 mbali zonse, kwina pakusowa 3¼, kwina 2¾. Pogawa pawiri, timizere tiwiri tikhale 1⅝, tiwiri tina 1⅜. Kusiyana kwake kota ya inchi. Ndinasankha nsalu yobiriwira modera, yosakopa maso, n'kudula. Atsekwe anakhala 13 mbali iliyonse, 52 onse pamodzi, ndi sikweya ya mainchesi 4 pa ngodya iliyonse. Ndinawasoka mwa njira yosataya nsalu, ya sikweya imodzi yaikulu ya 5¼ ndi zinayi zazing'ono za 2⅞, zomwe zimatulutsa atsekwe anayi nthawi imodzi. Nditamaliza ndinaipachika pa chitseko, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti andiuze kamzere kakakulu ndi kati. Anayang'ana, n'kupendeka mutu, n'kuloza kolakwika.

M'kabuku ndinalembamo zonse, manambala onse, ndi mzere pansi pa mawu akuti "mkombero woyamba sunali wofanana". Panthawiyo ndinkaona ngati ndikungonena zoona.

Ulendo wachitatu phukusi linasowa m'njira. Masabata 7 palibe ankadziwa komwe lili. Nsalu ikatayika umagula ina, koma ntchito ya anthu atatu sungaigule kwina kulikonse, ndipo mwini wake, amene sanaione n'komwe momwe yakulira, ankangofunsa mwaulemu Lamlungu lililonse ngati pali chatsopano. Linafika lili lophwanyika ngodya imodzi, m'kati muli bwinobwino. Kuyambira pamenepo aliyense ankajambula kutsogolo ndi kumbuyo asanatumize, n'kulemba nambala yolondolera phukusi m'gulu. Anthu ena mavuto amenewa amawapewa ndi mtundu wina wa round robin, womwe quilt sichoka pakhomo. Wotsogolera amangolengeza sabata iliyonse kuti mkombero wotsatira ukhale ndi chakuti, aliyense n'kusoka pa yakeyake, n'kuonetsa chithunzi. Ndinayesapo kamodzi. Ndi wabwino kwa munthu wofuna kuphunzira njira zatsopano, ndipo palibe chotayika. Koma m'manja mwako mumakhala ntchito yako yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo yanga inatuluka monga zimatulukira zanga zonse: buluu, woyera, nsonga zakuthwa, yosadabwitsa aliyense, ngakhale ine.

M'masabata odikira amenewo, ndilibe chosoka, ndinayamba kuwerenga za ma quilt akale a kapangidwe kameneka, ka chapakati chozunguliridwa ndi mikombero. Imodzi inandigwira mtima. Pa 5 Epulo 1841 sitima yapamadzi yotchedwa Rajah inanyamuka ku Woolwich, ku England, itanyamula akaidi aakazi pafupifupi 180, ndipo inafika ku Hobart, ku Australia, pa 19 Julayi. Gulu la amayi la Elizabeth Fry, amene ankalimbikira zosintha moyo wa m'ndende, linali litawapatsa nsalu, singano ndi ulusi. Pa ulendowo ena mwa akaidiwo anasoka chofunda cha zidutswa 2,815, chopitirira mamita 3 mbali zonse, chomwe lero chikusungidwa ku National Gallery of Australia ku Canberra. Ochiyang'ana pafupi amaona kuti manja ake ndi osiyanasiyana, pena misoko ndi yabwino, pena ndi ya munthu amene akuphunzira kumene, ndipo pali timadontho ta magazi a zala zobayidwa ndi singano. Ndinakulitsa chithunzi chake pa kompyuta n'kumafufuza pokhota. Ndinapapeza pambiri. Chofundacho chikadali chathunthu patapita zaka zoposa 180, pokhota pake pali pomwepo.

Sindinena kuti kuwerenga kumeneko kunandisintha tsiku lomwelo. Phukusi lachinayi litafika ndinadandaulabe, koma chamumtima. Chimene ndinayamba kuona ndi china: mtsikana uja masamu anali kutali naye, koma mitundu ankaimva. Pa quilt ina yomwe anthu atatu anali ataisunga m'mitundu yofatsa, ya bulauni ndi yotuwa, iye anaikapo mzere wa tizidutswa tofiira tosiyana kukula, tina topendekera, ngati tadulidwa popanda rula. Mwina tinadulidwadi choncho. Quilt yonseyo, yomwe inali ngati ikuwodzera, inadzuka. Zinandikumbutsa za amayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda kokhala pokhota pa mtsinje wa Alabama ku America, amene kwa mibadwo ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha, mizere yosawongoka, mongotsata diso. Mu 2002 ntchito zawo zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zina zinaikidwa pa masitampa a dzikolo. Sindikuyerekeza mtsikana wa chaka chimodzi pa makina ndi amayi amenewo. Ndikungoti ine, amene nsonga zanga zimakumana, mzere wofiira umenewo sindikanauganiza ngakhale mutandipatsa zaka 10.

Kusoka pa ntchito ya wina kuli ndi vuto limene pa yako palibe. Pa yako umafunsa chimene ukufuna. Pa ya wina umayamba wayang'ana masiku angapo, osadula kanthu, kufuna kumva chimene ikusowa, ndipo kawirikawiri chimene ikusowa si chimene iwe umadziwa kuchita bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinazolowera kupachika quilt iliyonse yofika pa chitseko cha chipinda chosokera kwa sabata yathunthu, kumaiona m'mawa, masana, usiku ndi magetsi. Njira ina yomwe inandithandiza ndi kuijambula pa foni n'kusintha chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Mitundu ikachoka umaona msanga ngati zonse zili zodera mofanana, kapena ngati mbali ina yalemera.

Ulendo womaliza ndinalandira ya mayi oyendetsa gulu aja. Poti iwo anali patsogolo panga pa mndandanda, yawo inazungulira anthu onse n'kudzafika kwa ine pomaliza, kuti ndiibweze kwawo. Kwa miyezi ndinali ndi pulani: mkombero wa masamba ndi nthambi zosokerera pamanja, ntchito yoti akaiona adziwe kuti munthu amene anamuuza kuti asoke yekha uja ndi katswiri. Ndinali nditadula kale masamba 40. Koma quilt itafika inali yodzaza. Munali nyenyezi, munali Log Cabin, timizere tozungulira kasikweya kapakati, munali timasikweya tosinthana, ndi mkombero wa mtsikana uja wolankhula mokweza monga mwa nthawi zonse. Ndinagoneka masamba anga m'mphepete n'kuona kuti akungowonjezera phokoso. Sabata yonse ndinkawachotsa, kuwabwezera, kuwachotsanso. Pomaliza ndinawaika m'bokosi, n'kudula mizere inayi ya nsalu imodzi ya buluu wakuda, mainchesi 5 m'lifupi, yopanda chilichonse. Ntchito ya maola awiri. Ndinachita manyazi potumiza, ngati munthu amene wabwera ku ntchito ya gulu anzake atamaliza. Mayiwo atailandira analemba m'gulu kuti mkombero womaliza wachititsa kuti ina yonse ioneke. Kwa munthu wa mizere iwiri ngati iwo, amenewo anali mawu ambiri.

Yanga inafika patapita masabata awiri. Phukusilo linali lolemera, ndipo fungo lija la sopo ndi kandulo linalipo. Ndinadikira mpaka m'nyumba mutakhala zii, n'kukankha mipando, n'kuiyala pansi. Mainchesi 64 mbali zonse.

Choyamba kundigwera m'maso chinali mkombero wakunja. Wa olenji. Osati olenji wofatsa, koma wowala ngati moto, tizidutswa tosiyana kukula tosakanikirana ndi buluu wanga wotsala uja. Mtima wanga unatsika. M'masamba atatu amene ndinang'amba aja, mtundu umenewu unali woyamba pa mndandanda wa zoletsedwa. Ndinalemba uthenga wothokoza m'gulu, wamaemoji ambiri, n'kuipinda quilt, n'kuiika pamwamba pa kabati. Inakhala pamenepo masiku 9.

Amene anaitsitsa ndi mwana wanga, akufuna choyala pakama pa mlendo. Ndinaiona ndili pakhomo la chipinda, patali, mosayembekezera, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaiona ngati ya munthu wina. Mikombero inayi ya buluu, yoyera ndi yotuwa inali yokongola, yaulemu, aliyense anatsata mizere iwiri ya m'kabuku mwanga. Koma popanda olenji uja ikanakhala yozizira ngati chipinda cha chipatala. Sindinganene kuti zonse ndinazikonda. Mkombero wachitatu, wa timitima ting'onoting'ono, mpaka lero sundisangalatsa, ndipo ndikafunda ndimayang'ana kwina. Sindidzaumasula. Koma olenji uja ndi umene aliyense wolowa m'chipindamo amayamba kuukhudza.

Kabuku ndinakawerenga usiku womwewo, kuyambira kumapeto. Mtsikana uja analemba tsamba lonse ndi zilembo zazikulu, kuti anaopa kwambiri kuikapo mtundu umenewo, kuti anafunsa anzathu m'kagulu kaja ndipo atatu anamuletsa, mmodzi yekha ndi amene anati apitirize, ndi kuti ngati sindinaukonde ndimukhululukire. Analembanso kuti nthawi ino anayeza podutsa pakati, chifukwa anamva kuti m'kabuku ka quilt ina wina analemba za mikombero yosafanana. Sanatchule dzina. Makabuku amabwerera kwa eni ake, ndipo mwini wa kanyumba kaja anali atajambula masamba onse a kake n'kuwaika m'gulu pothokoza, mzere wanga uja uli pansi pa mawu. Koma izo zinali pambuyo. Mtsikanayo ayenera kuti anamva kale, m'njira ina. Sindinafunse.

Ndinabwerera tsamba ndi tsamba mpaka loyamba, pansi pa mizere yanga iwiri. Panali zolemba za mayi oyendetsa gulu, zazing'ono, za pensulo:

"Chapakati: 12½ kwa 12¼. Kamzere kodzaza, koyera. Mkombero 1: timasikweya, mainchesi 4."

Basi. Ndinatenga tepi n'kugwada pa quilt. Kuzungulira nyenyezi yanga panali kamzere koyera, ka nsalu yofanana ndendende ndi yomwe nyenyeziyo yakhalapo, kotero kuti ndinali nditakaona ngati mbali ya ntchito yanga. Kumanja ndi kumanzere kanali inchi imodzi. Pamwamba ndi pansi kanali inchi ndi 1/8. Nyenyezi imene ndinaisoka kawiri, yomwe ndinaijambula n'kuionetsa monyadira, inali yoperewera kota ya inchi mbali imodzi, ndipo sindinadziwe chifukwa ndinali nditayang'ana nsonga zokha, osayeza sikweya yonse.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kuwerenga masiku. Uthenga wanga wautali uja, wa zithunzi zitatu za tepi, ndinautumiza kwa iwo patangopita masabata ochepa atadula kamzere kameneka. Ndipo sizinathere pa nyenyezi yokha. Quilt iliyonse yochoka m'manja mwanga inkafikira pa tebulo lawo. Kasanu konse iwo ndi amene ankatembenuza ntchito yanga n'kuona kumbuyo kwake, momwe ine ndinkaonera kumbuyo kwa ya mtsikana uja. Anyani sasekana zikundu, anatero akale, koma ine ndinaseka, n'kulemba, n'kuika mzere pansi.

Ndinawalembera m'mawa mwake. Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. Anati panalibe choti anene, kota ya inchi ndi ntchito ya mphindi 10. Ndinafunsanso ngati pa maulendo enawo panali zina zoti akonze. Anati atsekwe anga anali abwino, koma ndimakonda kusita mokoka, ndipo nsalu imatamuka m'ngodya, ndiyesere kungotsindika simbi n'kuinyamula m'malo moiyendetsa. Ndasoka zaka 14 ndisanauzidwepo zimenezo ndi munthu.

Quilt ija ndinaimaliza mwezi watha. Ndinaigoneka pansi magawo atatu, nsalu yakumbuyo, thonje, pamwamba, n'kugwira ndi mapini otsekeka motalikirana ngati chikhatho, mawondo mpaka kuchita dzanzi. Mpendero wakunja ndinaika wa buluu wakuda, wopindidwa pawiri, kusoka ndi makina kutsogolo n'kumalizitsa pamanja kumbuyo. Pa ngodya imodzi yakumbuyo ndinasokererapo kansalu kolembedwa mayina 6 ndi chaka, ndipo ndinawalemba mozungulira. Mwana wanga ataima pambali anafunsa kuti, "Amayi, ndiye inuyo munasoka pati?" Ndinaloza nyenyezi. Anayang'ana nyenyeziyo, n'kuyang'ana quilt yonse. "Kameneka kokha?"

Gulu likuyambanso, anthu omwewo kupatula mmodzi amene manja akumuvuta, ndipo m'malo mwake mwalowa bambo wina amene sanasokepo mkombero. Mndandanda auzunguza, ndiye chaka chino ine ndizitumiza kwa mtsikana wa galu woyera uja, ndipo ndizilandira kwa bambo watsopanoyo. Ndagula kale nsalu yotuwa, mamita awiri, yongodulako timizere todzaza. Chapakati changa chatsopano chili pa tebulo pano pomwe ndikulemba. Ndasita motsindika, osakoka, ndipo ndayeza katatu. Mbali ina 12½, ina 12⅜. Phukusi likunyamuka Lolemba.